Kukonza bwalo lakale la pa boma kuti anthu azisonkhanapo: malangizo a ku Nkhotakota

Pitani pa boma la Nkhotakota masana a mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, muone kumene anthu akhala. Muwapeza pansi pa mitengo: amayi ogulitsa chinangwa chootcha ndi usipa, anyamata a kabaza atatsamira njinga zawo, madala akusewera bawo, wina atakhalira thumba la mpunga kudikira galimoto ya ku Dwangwa. Pamalo oyalidwa simenti popanda mthunzi mupezapo mbuzi zokha, nazonso zikungodutsa. Aliyense wofuna kukonza bwalo la pa tauni ya kunyanja ayambe waona zimenezi. Bwalo limakhala bwalo chifukwa cha mthunzi, madzi, chimbudzi ndi anthu amene analizolowera kale. Simenti ndi yomalizira, ndipo imafunika yochepa kuposa mmene makontilakitala amanenera.

Malangizowa ndalembera a komiti ya chitukuko, makhansala, magulu a achinyamata ndi a mipingo amene ali ndi malo akale akungokhala, ndipo akufuna kuti pazichitikira misonkhano, magule, sikelo ya ana ndi macheza a madzulo. Ndinakhalapo mu komiti yotere pa tauni ina ya m'mbali mwa nyanja. Zina zimene ndikuletsa m'munsimu tinazichita ndife, n'chifukwa chake ndikuziletsa molimba mtima.

Choyamba: dziwani mwini malo

Musanajambule chilichonse, fufuzani kuti malowo ndi a yani. Pa boma pamakhala malo a boma ndi a khonsolo, malo a mafumu, ndiponso malo a mipingo ndi a anthu okhala ndi lizi, ndipo malire ake nthawi zambiri amangodziwika ndi mtengo wa mango kapena chulu. Mwachitsanzo, mkuyu wotchuka wa Livingstone uli m'dera la mishoni ya Anglican, pafupi ndi chipatala cha St Anne's, kotero aliyense wofuna kuchitapo kanthu ayenera kuyamba wakhala pansi ndi a mpingowo.

Pitani ku ofesi yoona za malo ndi ya mapulani ku khonsolo, mukapemphe kuona mapu. Mukatero kagwadeni kwa nyakwawa ndi gulupu wa deralo, iwo akutengereni kwa Gogo Chalo. Pa boma pano ndi dera la Malengachanzi. Musadumphe mfumu yaing'ono pothamangira yaikulu, chifukwa tsiku lomwe mpanda wa munthu udzapezeke kuti walowa m'bwalo, woweruza woyamba adzakhala nyakwawa yomwe munainyozayo. Kenako itanani saveya ayeze ndi kukhoma zizindikiro za malire, oyandikana nawo onse ali pomwepo. Zonse zilembedwe, asainire.

Ngati pamalopo pali mtengo, manda, chipilala kapena nyumba ya mbiri, lemberani ku nthambi ya boma yosunga zinthu zakale, ya Museums and Monuments. Lamulo la Monuments and Relics Act sililola munthu kugwetsa, kusintha kapena kukumba pa malo otetezedwa popanda chilolezo, ngakhale cholinga chake chikhale chabwino chotani. Kalata imeneyi ipite msanga, poti yankho la ku likulu silibwera tsiku limodzi.

Chachiwiri: khalani pabwalopo masabata awiri osakhudza kanthu

Ili ndi gawo lotchipa kuposa onse, koma ndi limene makomiti amalidumpha. Gawanani anthu anayi kapena asanu, aliyense ndi kope ndi cholembera. Muzikhalapo m'mamawa, masana ndi madzulo, Lachisanu nthawi yopita ku mzikiti, Lamlungu potuluka m'tchalitchi, tsiku la msika, ndi tsiku limene Ilala yaima ku Nkhotakota. Lembani kuti ndani amakhala pati, nthawi yanji, akuchita chiyani. Werengani mavenda ndi zomwe amagulitsa. Onani tinjira tomwe mapazi a anthu anatsegula okha, chifukwa njira zanu zidzayenera kutsata timeneti. Mukazikhotetsa kuti zioneke bwino pa pepala, anthu adzangopondaponda maluwa anu n'kubwerera ku kanjira kawo.

Onaninso kumene mthunzi umagwera nthawi ya 10 koloko, ya 12 koloko ndi ya 3 koloko, mukhome zikhomo. Mphepo nayo muidziwe. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti mwera umawomba kuchokera kummwera, n'kumabweretsa mchenga m'maso ndi m'mbale za anthu. Ndipo ngati mungathe, pitani pabwalopo mvula yamphamvu ikangokata, muone kumene madzi amachokera, kumene amadikha, ndi kumene amatulukira. Munthu amene sanalione bwalo mu Febuluwale sakulidziwa.

Chachitatu: mbiri ya malo, ndi mmene mungailembere

Pano ndichedwapo, chifukwa Nkhotakota si tauni wamba. Cha m'ma 1840 Salim bin Abdallah, amene anayambitsa ufumu wa a Jumbe, anakhazikika pano n'kusandutsa dooko lino likulu la malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo. Anthu ogwidwa kumtunda ankasungidwa kuno, n'kuwolotsedwa nyanja pa zombo, kenako n'kuyenda pansi mpaka ku Kilwa. David Livingstone anakumana ndi Jumbe pansi pa mkuyu mu 1863 kumupempha kuti aleke malondawo, koma sanaleke. Mu 1889 Harry Johnston, woimira boma la Britain, anapangana pangano ndi Jumbe wa nthawiyo, ndipo patangopita zaka zochepa Jumbe womaliza anachotsedwa pampando n'kutumizidwa ku Zanzibar. Amishoni a Anglican a bungwe la UMCA anatsegula mishoni yawo kuno mu 1894, ndipo Bishopu Chauncy Maples, amene anamira pa nyanja mu 1895, anaikidwa pa tchalitchi cha All Saints. Mu 1960 chipani cha Malawi Congress Party chinachitira msonkhano wake waukulu kuno, pomwe Dr Hastings Kamuzu Banda anapatsidwa utsogoleri wa chipanicho wa moyo wake wonse. Kuyambira 2011, njira za akapolo za m'Malawi ndi njira ya Livingstone zili pa mndandanda wa malo omwe dziko lino likufuna kuti UNESCO iwavomereze ngati chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo Nkhotakota ili m'gulumo.

Vuto ndi ili: zidzukulu za onse otchulidwawa zikukhala pamodzi lero. Pali mbumba za ogulitsidwa, za ogulitsa, za amene ankapalasa zombo, za amene anathawira ku mishoni. Chisilamu ndi mpunga wa faya umene timanyadirawu zinakula pano m'nthawi ya a Jumbe omwewo. Chikwangwani cha mbiri chikalembedwa mosasamala chimatha kutukwana theka la tauni, ndipo chikalembedwa mwamantha chimangoti "kuno kunkachitika malonda", ngati ankagulitsa tomato.

Chitani chonchi. Tumani achinyamata a ku sekondale akacheze ndi agogo a mbali zonse, ajambule mawu pa foni atapempha chilolezo. Zomwe amva azisiyanitse pawiri: zimene zili m'mabuku ndi zaka zake, ndi zimene zimangosimbidwa pakamwa. Zonse ndi zofunika, koma pachikwangwani zosimbidwazo muyambe ndi mawu akuti "akuluakulu amati". Mawu a chikwangwani awerengedwe pamaso pa mafumu, mashehe, ansembe ndi abusa asanapite kwa wolemba, ndipo a ku Museums and Monuments aonenso zaka ndi mayina. Mawu akuti "akapolo" alembedwe, asabisidwe. Chichewa chikhale pamwamba ndi zilembo zazikulu, Chingerezi pansi. Ndaonapo zikwangwani zambiri zolembedwa Chingerezi chokhachokha, ngati mbiri yathu ndi ya alendo obwera kudzaona njovu ku nkhalango ya Nkhotakota basi. Chikwangwani chimodzi chisapitirire mawu 100. Munthu woima padzuwa sawerenga kalata.

Dzina la bwalo lisankhidwe pamsonkhano, ndipo ine ndingakonde dzina la mtengo kapena la malo kuposa la munthu wandale amene ali moyo. Mipando imasintha zaka zisanu zilizonse, ndiye mudzatopa ndi kupenta chikwangwani.

Chachinayi: msonkhano wa anthu ndi komiti

Dutsani njira yodziwika: komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, ipereke nkhaniyi ku komiti ya chitukuko ya dera la Gogo Chalo, ADC, ndipo ADC iitengere ku khonsolo kuti ilowe mu pulani ya chitukuko ya boma. Ntchito imene sili mu pulani imeneyi imavuta kuipezera ndalama za boma.

Msonkhano waukulu uchitikire pabwalo pomwepo, ulengezedwe m'mizikiti, m'matchalitchi ndi pa wailesi ya Nkhotakota Community Radio. Koma dziwani kuti pamsonkhano wa mafumu ndi mabwana, mayi wogulitsa mandasi sayankhula. Choncho konzani timisonkhano tina padera: ta amayi a geni, ta anyamata a kabaza, ta anthu aulumali, ta atsikana. Afunseni funso limodzi losavuta: "N'chiyani chimakulepheretsani kukhala pano nthawi yaitali?" Mayankho ake amakhala ofanana kulikonse: kulibe chimbudzi, kulibe madzi, kukada kumaopsa.

Komiti isapitirire anthu 11 kapena 13, amayi akhale osachepera theka, ndipo mavenda akhale ndi mpando wawo. Msungichuma asakhale m'bale wa wapampando. Akaunti ya ku banki ikhale ya osainira atatu.

Za mavenda ndinenepo mosapsatira. Maganizo oyamba a anthu ophunzira amakhala akuti "tiwachotse, bwalo lioneke laukhondo". Mukawachotsa mwachotsa maso amene amalondera bwalo ulere kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndiponso mwachotsa chifukwa chimene anthu amaimira pamenepo. Apatseni mzere wawo m'mbali, wokhala ndi mthunzi ndi bini, muwalembe mayina ntchito isanayambe kuti malo atsopanowo asadzalandidwe ndi achibale a komiti.

Chachisanu: jambulani pansi musanajambule pa pepala

Tengani zingwe, zikhomo ndi laimu kapena phulusa, mulembe pulani yanu pa dothi penipeni: apa nsanja, apa mabenchi, apa njira, apa mavenda. Bwerekani mabenchi a ku tchalitchi kapena ku sukulu, muwaike pomwe mukuganiza, muchititsepo msonkhano umodzi ndi gule mmodzi. Mudzaona nokha kuti nsanja yayang'ana kolakwika, kapena kuti malo ovinira achepa. Kusuntha chingwe n'kwaulere. Kugumula konkire kumadya ndalama kawiri. Mukakhutira, m'pamene muitane katswiri wa mapulani ajambule bwinobwino, khonsolo ivomereze.

Pojambulapo, tsatani ndondomeko iyi ya kufunika kwa zinthu.

Mitengo ndiyo yoyamba. Ife tinazinga mtengo waukulu wa kachere ndi konkire mpaka pa tsinde, kuti pazisesedwa mosavuta. Zinaoneka bwino pa tsiku lotsegulira, chikomekome cha mkuyu. Patapita zaka zitatu nthambi zinayamba kuuma kuchokera kunsonga, chifukwa mizu inasowa mpweya ndi madzi, ndipo ina tinaidula pokumba maziko. Mizu yodyetsa mtengo imakhala pamwamba, osati pansi kwambiri, ndipo imatambalala mpaka kupitirira pomwe nthambi zalekezera. Lamulo lake ndi ili: pansi pa nthambi zonse za mtengo wakale musakumbe ngalande, musathire konkire, musaunjike dothi latsopano pa tsinde, musaimikepo lole kapena kusakanizirapo simenti. Nthawi yomanga zingani malo onsewo ndi mpanda wa nsungwi. Pansi pake yalani masamba ouma kapena mankhusu a mpunga, omwe kuno sasowa. Nthambi zoola zidulidwe ndi sowo mothandizidwa ndi a zankhalango, osati ndi chikwanje cha aliyense wodutsa. Misomali ya zikwangwani ndi mapepala a malonda isakhomedwenso pa mtengo.

Mtengo wakale sudzakhala mpaka kale, choncho bzalani olowa m'malo mwake pompano. Mkuyu, kachere, msikidzi, mbawa, bwemba ndi mango zimachita bwino kunyanja ndipo zimapereka mthunzi wandiweyani. Bulugama ndi malaina zisiyeni, zimaumitsa nthaka ndipo pansi pake sipamera kanthu. Mkuyu ndi kachere zibzalidwe kutali ndi zimbudzi ndi maziko a nyumba, mizu yake imang'amba khoma. Dzenje likhale masentimita 60 mulifupi ndi kuya komwe, losakaniza ndi manyowa, ndipo mbande iliyonse itchingidwe ndi khola lolimba, chifukwa mbuzi za pa boma sizidziwa za chitukuko. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma bzalani kumayambiriro kuti mbande zimwe mvula yokwanira. Mtengo uliwonse upatsidwe mwini wouthirira m'chilimwe choyamba: kalasi ya pa sukulu, gulu la kabaza, kapena mayi amene benchi yake ili pafupi.

Chachiwiri ndi njira ya madzi a mvula. Boma lino laona madzi osefukira, monga a kumayambiriro kwa 2024 amene anasamutsa anthu ambiri cha ku Dwangwa, ndipo chaka chomwecho nyanja inakwera n'kulowa m'malo ambiri a m'mphepete. Bwalo likhale lopendekera pang'ono, masentimita awiri pa mita iliyonse, kuti madzi asadikhe. Ngalande zikhale zosazama ndi zotambalala, zoti munthu angathe kuzipala ndi fosholo. Zakuya zovundikira zimadzaza mchenga ndi mapepala a pulasitiki chaka chimodzi. Onetsetsani kumene madziwo akukathera, kuti musapulumutse bwalo n'kumiza khitchini ya woyandikana naye. M'mbali motsetsereka bzalani vetiva. Chithaphwi chilichonse chotsala ndi nyumba ya udzudzu, ndipo za malungo kuno sitichita kuuzana.

Chachitatu ndi chimbudzi ndi mpope. Ife tinaika chimbudzi mu "gawo lachiwiri la ntchito", ndipo gawo lachiwirilo silinafike. Kuseri kwa nsanja yathu yokongola kunasanduka chimbudzi. Mangani chimbudzi poyamba, nsanja pambuyo. Amayi ndi abambo akhale ndi makomo otalikirana, cha amayi chikhale ndi zipinda zochulukirapo, ndipo chipinda chimodzi chikhale chachikulu, cha khomo lotambalala ndi zogwirira, choti munthu wa pa njinga ya olumala alowe yekha. Dothi la kunyanja ndi la mchenga ndipo madzi ali pafupi, kotero dzenje liyenera kumangidwa ndi mabuloko kuti lisagumuke, likhale pa mtunda wa mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsime kapena mjigo. Funsani a zaumoyo a ku khonsolo musanakumbe. Za mpope kambiranani ndi a Central Region Water Board, ndipo funso la amene azilipira bilu liyankhidwe mpope usanatsegulidwe. Pakhale posamba m'manja panja, poonekera. Kumbukirani mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unasautsa maboma a m'mbali mwa nyanja.

Zotsalazo n'zosavuta. Pakati pa bwalo pakhale dothi lotsenderedwa bwino kapena kapinga, chifukwa malipenga, chioda ndi gule wamkulu zimavinidwa pa dothi, ndipo konkire imatentha mapazi ndi kubweza kutentha mpaka usiku. Njira zokha ndizo ziyalidwe timabuloko toyala, tomwe timalola madzi kulowa pansi ndipo tikhoza kuzulidwa pokonza paipi. Njira yaikulu ikhale mamita awiri mulifupi. Paliponse pokwera pakhale potsetsereka m'malo mwa masitepe okha, ndipo pokwera masentimita 10 pafunika kutalika kwa masentimita 120. Mabenchi akhale masentimita 45 kuchokera pansi, ena okhala ndi poyedzamira chifukwa cha agogo, ndipo onse akhale mumthunzi. Benchi yachitsulo padzuwa la Nkhotakota ndi chiwaya. Ikani ena moyang'anizana, poti anthu amabwera kudzacheza, ndipo pangodya imodzi muumbe bawo pa tebulo la konkire.

Nsanja ikhale yaifupi, yosapitirira theka la mita, yoyang'ana koti dzuwa la madzulo lisathobwe m'maso anthu oonerera, ndipo msana wake utchinge mwera. Denga likhomedwe molimba chifukwa cha mphepo ya kunyanja. Magetsi a sola ndi abwino, koma batire ndi panelo zikhale pamwamba pa mzati m'bokosi lowotcherera, apo ayi mudzazipeza zikutchaja mafoni m'mudzi wina. Nyali zisalunjike pamwamba penipeni pa mabenchi kapena pa mavenda a zakudya: nyengo ya nkhungu, tizilomboti timathamangira kuwala n'kudzaza mbale. Za mpanda, ine ndimakana mpanda wautali wa njerwa wokhala ndi geti. Geti limafuna loko, loko amafuna wosunga kiyi, ndipo wosunga kiyi amapita ku maliro. Zipilala zazifupi zoletsa galimoto kulowa ndi mzere wa maluwa n'zokwanira. Anyamata a kabaza apatsidwe siteji yawo cha kumsewu, yamthunzi.

Chachisanu ndi chimodzi: ndalama

Gawani ntchito m'magawo oti lililonse likatha lizigwira ntchito palokha. Gawo loyamba: malire, kuteteza mitengo, ngalande, chimbudzi ndi madzi. Lachiwiri: njira, mabenchi, malo a mavenda. Lachitatu: nsanja, magetsi, zikwangwani. Ndalama zikathera panjira, bwalo lidzakhalabe logwiritsika ntchito.

Kopempha ndi ku khonsolo kudzera m'thumba la chitukuko cha boma, DDF, ndi thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, CDF. Kwa makampani ndi malo ogona alendo a m'boma lino. Kwa ana a kuno amene ali ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni. Anthu a m'deralo angathe kupereka mchenga, madzi ndi manja awo. Koma musawagwiritse ntchito yaulere pamene kontilakitala walandira kale ndalama ya ntchito yomweyo. Zimenezi zimadziwika, ndipo zikadziwika palibe adzabwerenso ndi khasu. Pa bajeti onjezani 10 pa 100 iliyonse ya zogwa mwadzidzidzi, ndipo mitengo ya simenti ndi zitsulo muifunse sabata yomwe mukugulayo, poti kwacha siikhazikika. Wothandiza aliyense auzidwe poyamba kuti bwalo silidzapentedwa mtundu wa kampani kapena chipani chake. Dzina lake lilembedwe pa kachikwangwani kothokoza, basi.

Ndalama zolowa ndi zotuluka zizimatidwa pa bolodi pabwalo pomwepo mwezi uliwonse. Mphekesera zoti komiti yadya ndalama zimayamba tsiku limene bolodi lakhala lopanda kanthu.

Chachisanu ndi chiwiri: kumanga

Ntchito yokumba ndi ya konkire ichitike kuyambira Meyi mpaka Okutobala, kuti mvula yoyamba ipeze ngalande zitatha ndi maenje a mitengo atakonzeka. Ngati ndalama ndi za boma, thenda iyende motsata malamulo a kagulidwe ka katundu wa boma, ndipo kontilakitala akhale wolembetsedwa ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga. Pitani mukaone ndi maso ntchito ziwiri zimene anamanga kale, makamaka zomwe zapirira dzinja ziwiri. Mu mgwirizano mulembe kuti aganyu alembedwe a m'deralo, amayi akhalemo, ndiponso kuti gawo la malipiro lisungidwe mpaka miyezi ingapo ntchito itatha, kuti ming'alu ikaoneka abwere adzakonze. Malipiro aziperekedwa gawo likatha ndipo injiniya wa khonsolo waliona.

Gwiritsani ntchito mabuloko a simenti kapena a dothi otsindira ndi makina. Malamulo a zomangamanga a 2018 analetsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa ntchito za boma ndi zamalonda, ndipo n'zochititsa manyazi kumanga bwalo loteteza mtengo umodzi ndi njerwa zimene zapsereza mitengo makumi. Komiti ikhale ndi munthu pamalopo tsiku lililonse wowerenga matumba a simenti olowa ndi otsegulidwa. Konkire wamba amasakaniza muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya miyala ya kwale, ndipo azithiriridwa madzi masiku asanu ndi awiri. Kutentha kwa kuno kumaumitsa konkire msanga n'kumung'amba. Mchenga wosalala kwambiri wa m'mphepete mwa nyanja sugwira bwino, funani wa kumtsinje wokhakhala, kumalo kololedwa.

Pa malo a mbiri ngati ano, khasu likhoza kutulutsa mikanda, mapale, zitsulo zakale ngakhale mafupa a anthu. Uzani amisiri tsiku loyamba kuti zikaoneka zotere ntchito iime pomwepo, pasakhudzidwe, mudziwitse mfumu, apolisi ndi a Museums and Monuments. Wopeza chinthu athokozedwe pagulu, kuti asachibise m'thumba poopa kuchedwetsa ganyu.

Mavenda asamutsidwire mbali imodzi ya bwalo pomwe mbali ina ikumangidwa. Mukawatumiza kutali kwa miyezi isanu, makasitomala awo adzazolowera kwina.

Chachisanu ndi chitatu: tsiku lotsegulira likapita

Kudula riboni n'kosavuta. Chovuta ndi Lachiwiri wamba la chaka chachitatu, bulashi ya ku chimbudzi itatha. Bwalo lisanatsegulidwe, khonsolo ndi komiti asainirane pepala lonena kuti wosesa amulipira ndani, zinyalala azichotsa ndani ndi masiku ati, nyali ikafa akonza ndani. Ndalama zing'onozing'ono za pa chimbudzi, za ziphaso za mavenda a pabwalopo ndi za obwereka nsanja pa zochitika zamalonda zigwirizanidwe kuti gawo lake lizitsala mu akaunti ya bwalo. Ana ndi okalamba asamalipire pa chimbudzi. Kukhala pa benchi, kusewera bawo, msonkhano wa mudzi ndi sikelo ya ana zikhale zaulere nthawi zonse.

Pakhale kope limodzi lolembetsera tsiku, loonekera kwa aliyense, ndipo woyamba kulembetsa ndiye mwini tsikulo, kaya ndi kwaya, kaya ndi sikiri, kaya ndi chipani cholamula kapena chotsutsa. Misonkhano ya ndale ndi zionetsero zimafuna kudziwitsa bwanamkubwa pasadakhale monga mwa lamulo la apolisi, ndipo komiti isalowerere kusankha kuti chipani ichi inde, ichi ayi. Mbendera zichotsedwe msonkhano ukangotha. Gwirizanani za zokuzira mawu: zitsike nthawi ya mapemphero a ku mzikiti ndi ku tchalitchi, zizime pa ola lomwe mwapangana usiku, makamaka ngati chipatala chili pafupi.

Bwalo lizolowetsedwe kukhala ndi zochitika zake. Yambani ndi chimodzi chokhazikika, monga magule Loweruka loyamba la mwezi, kapena mpikisano wa bawo, ndipo chisalephereke ngakhale kubwere anthu 20 okha. Pa 3 Malichi ndi pa 6 Julaye agogo aja munawajambula mawu akhale pansi pa mtengo, ana a sukulu awafunse mafunso. Achinyamata awiri kapena atatu aphunzitsidwe kufotokozera alendo mbiri, kuchokera pabwalo kupita ku mkuyu, ku All Saints, kunyanja mpaka ku akasupe otentha a Mawira, ndipo mtengo wa ulendowo ulembedwe poyera.

Chaka chilichonse mu Okutobala, komiti iyende bwalo lonse ndi kope: kupala ngalande, kuona nthambi zoopsa, kulimbitsa malata a nsanja, kuwerenga mbande zomwe zafa kuti zibwezeretsedwe mu Disembala. Ndipo tsiku limene mvula yoyamba yamphamvu idzagwe, anthu awiri a komiti apite pabwalopo ndi ambulera, khasu ndi zikhomo. Paliponse pomwe madzi adikha kupitirira ola limodzi akhomepo chikhomo, ajambule chithunzi, m'mawa mwake aitane kontilakitala ndalama yake yotsala ija isanatuluke.